Sukulu ya Pansi pa Zenera

Ikakwana teni koloko, Kamuzu Road itatopa,
akabaza atapita kukagoneka njinga zawo,
ndimakoka mpando wanga wa miyendo itatu
mpaka pansi pa zenera la a akawuntanti.
Pamenepo ndi pomwe intaneti ya ofesi imadontha
ngati madzi a paipi yobooka,
ine n'kutchera foni yanga yong'aluka galasi.

Anandilemba ntchito yolondera geti.
Sakudziwa kuti analemba mwana wa sukulu
wa zaka makumi anayi ndi chimodzi.

Fomu thu inandithera panjira
chaka chomwe thonje linagwa mtengo,
bambo atabwerera ku Khombedza wapansi,
ndalama ya fizi itasanduka mchere ndi sopo.
Buku langa la sayansi mayi anakulungira usipa.

Tsono lero kuli mayi wina, kaya ali dziko liti,
kwawoko dzuwa lili pamutu pomwe kuno kuli udzudzu.
Amandiuza chifukwa chomwe batire la tochi yanga limafera.
Ndimamuimitsa ndi chala,
ndimamubweza kachitatu, kachinayi,
sakwiya, sanena kuti mbuli iwe khala pansi.
Amangoyambiranso.

Usiku wina ndinamva mmene magalasi akuda aja a ku Nanjoka
amamwera dzuwa n'kulavula magetsi.
Ndinaseka ndekha mpaka galu wa kuseri anauwa.
Usiku wina mbiri yakale:
njanji iyi yodutsa m'tauni mwathu,
maina a amene analamula alipo,
a amene anasenza miyala palibe.
Ndinazimitsa foni, ndinayenda kuzungulira mpanda kawiri.

Koma chomwe chinandilasa ndi lipoti lija
la mabanja osaukitsitsa m'maboma.
Panali chithunzi cha mizere, yofiira ndi yobiriwira,
Salima ali pamenepo, wamtali ngati nsungwi.
Ndinakulitsa ndi zala ziwiri
kufunafuna mayi anga mu mzere wofiirawo,
ndi chitupa chawo cha Mtukula Pakhomo
chomwe amasunga m'pepala la shuga.
Sindinawapeze. Ndinapeza nambala ndi kadontho.
Kadonthoko mwina ndi ife.

Kenako Lachitatu lina paipi inauma.
Kamnyamata ka makompyuta kochokera ku Lilongwe
kanasintha mawu achinsinsi.
Masiku asanu ndinalondera geti basi,
geti ndi nyenyezi, geti ndi mphaka,
bandulo ya faifi handiredi ikutha
mphunzitsi asanamalize n'komwe moni.
Ndinamva manyazi a munthu wogwidwa
akukunkha m'munda mwa eni.

Lolemba madzulo, pampando wanga pali mwala,
pansi pa mwala kapepala ka risiti.
Kuseri kwake zilembo za a Kalilangwe,
zopendekera ngati mpunga wa ku Lifuwu mphepo ikawomba:
mawu achinsinsi atsopano,
ndipo m'munsi mwake,
"Ndimaona mapazi a mpando m'fumbi. Mayeso ndi liti?"

Sindinawayankhe. Mmawa ndinatsegula geti
mokulirapo kuposa masiku onse.

Mayeso ndi Loweruka, mafunso makumi awiri,
satifiketi yake kaya ingandigulire chiyani, sindikudziwa.
Ndikudziwa izi zokha:
dzulo Ndaziona anabwera ndi homuweki,
akuti chifukwa chiyani malata amachita dzimbiri.
Anali atalunjika kwa amake monga mwa nthawi zonse.
Ndinati bwera kuno.
Ndinatenga msomali wakale, kapu ya madzi,
ndinamuuza za mpweya womwe umadya chitsulo mwakachetechete.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
yunifolomu yanga, nsapato zanga, tulo ta m'maso mwanga.
"Ababa, mwazidziwira kuti?"

Ndinati ku ntchito.

Tsopano ndi thu koloko. Malata agunda kuseri.
Mayi wa sayansi, tayembekezani pang'ono,
ndikaone ngati ndi mphepo.